A Ngozo, Wometa Amene Anakana Kumaliza Ntchito ya Aphunzitsi

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikire m'manda amalume anga, a Fabiano Ngozo, amene ankameta anthu pakhonde la golosale ina pa Kandeu. Maliro awo atatha, tsiku lometa litafika, tinakhala pabwalo n'kumangoyang'anana. Pa maliro onse a pamtundu pathu amene ndikukumbukira, wometa anali iwo. Tsopano amene tinkamulirayo anali mwini mashini ometera. Mateyu, mwana wawo wamkulu, anatulutsa mashiniwo m'thumba, koma asanayambe anafunsa kaye amayi anga, omwe ndi alongo awo a malemuwo, ngati akulola kumetedwa. Amayi anamuyang'ana n'kunena kuti akhala kale pampando, akufunanso chiyani, kapena matenda a bambo ake amupatsira. Anthu anaseka maso ali ofiira.

Funso limenelo linali la amalume. Munthu aliyense wokhala pampando wawo, asanamukhudze m'mutu, ankamufunsa kuti, "Mwalola?" Ankafunsa mkulu wa mpingo, ankafunsa chidakwa, ankafunsa mwana wa zaka zitatu, onse ndi ulemu umodzimodzi. Mwana akayamba kulira n'kukakamira khosi la amake, iwo ankabwezera mashini m'thumba n'kunena kuti mwini mutu wakana, adzabwere tsiku lina. Azimayi ankakwiya, makamaka likakhala Loweruka mawa lake kuli ubatizo. Ankafunsa kuti kodi mwana amadziwa chiyani. Amalume ankati zambiri sazidziwadi, koma zoti mutu ndi wake amazidziwa. Ambiri ankawoloka msewu kupita kwa anyamata a mashini a magetsi, amene ankamupana mwana pakati pa mawondo n'kumaliza ntchito akukuwa. Ine ndimasoka zovala mbali ina ya khonde lomwelo, ndiye ndinkaona amalume akutembenuza mpando kulozetsa kukhoma mpaka kulirako kutatha.

Wina asakunamizeni kuti anali munthu wofatsa. Anakanganapo ndi akatekisiti pa nkhani ya mabenchi, n'kukhala nyengo yaitali akupemphera ataima kumbuyo. Mwini golosale ankamuthimitsira wailesi popanda kupempha ikayamba nyimbo zimene iwo sazifuna. Ine ankandikalipira pafupifupi tsiku lililonse chifukwa cha tizidutswa ta nsalu timene mphepo inkatengera kumbali kwawo. Madzulo alionse ankasesa tsitsi la anthu onse, kulikulunga m'pepala la simenti, n'kukalikwirira okha kuseri, ndipo sankafuna kuti lisakanikirane ndi zinyalala zanga. Ankati tsitsi si nyansi, ndi munthu amene wangotsalira. Amayi anga ankati m'bale wawoyo anabadwa akutsutsa, ndipo mzamba atamuuza kuti alire, anayamba wakhala chete kaye.

Chipewa chawo cha khaki sichinkachoka kumutu. Ankachivula m'tchalitchi mokha, ndipo mmenemo ankakhala motsamira khoma la kumbuyo. Ndinakula ndisakudziwa chifukwa chake mpaka amayi atandiuza.

Ali mnyamata anapita ku migodi ya ku Joni, monga ankachitira amuna ambiri a kwathu kuno. Kumalo kolembera anthu anawavula zovala, kuwaimika pamzere, n'kuwameta mpala mmodzimmodzi popanda wowafunsa dzina. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kumeta, masiku a Lamlungu m'komponi, kwa bambo wina wa ku Mozambiki, ndipo mashini a pamanja aja anagula komweko. Paulendo wawo womaliza anasiya tsitsi lawo likule, likhale lalikulu lozungulira monga ankachitira anyamata a m'tauni nthawi imeneyo. Ankafuna kuti kumudzi akaone kuti abwera ali munthu wodzilamula. Koma inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mwamuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Basi itaima pa Manjawira, munalowa anyamata a chipani. Anawatsitsa, kuwakhazika pansi pafumbi pamaso pa anthu a pamsika, n'kuwameta ndi chibenthu cha botolo. Mashini abwinobwino anali m'sutikesi pambali pawo. Amayi amati anafika kumudzi atamanga malaya kumutu, ndipo mphatso zimene anabweretsa anangoziika pamphasa. Chipsera chinatsala, chochokera pamwamba pa khutu kukafika kunkhongo, ndipo pamenepo tsitsi silinamerenso.

Iwo eni nkhaniyi sankainena. Koma ndi imene inadzuka tsiku limene mdzukulu wawo Felista anabwera kuchokera kusukulu nthawi isanakwane.

Felista ndi mwana wa Mateyu. Mateyuyo ankagwira ntchito pa famu ya zipatso ku Joni, ndipo mkazi wake atamwalira analephera kubwera kumaliro. Pamtundu pathu timameta kawiri. Koyamba ndi masiku ochepa maliro ataikidwa. Kenako amene maliro awagwera kwenikweni sadulanso tsitsi mpaka tsiku lometa kachiwiri, pamene timafulula mowa n'kunena kuti kulira kwatha. Akuluakulu anagwirizana kuti tsiku limenelo lidikire Mateyu. Choncho tsitsi la Felista linkakula, iye akulipesa bwinobwino m'mawa uliwonse, ali mu sitandade 8, mayeso akuyandikira. Amalume anapita okha kukafotokozera mphunzitsi wa kalasi yake, ndipo mphunzitsiyo anavomera.

Koma m'mawa wina pa asembule, mphunzitsi wina wachinyamata amene anali pa ntchito ya mwambo sabata imeneyo anadutsa m'mizere ndi sizasi. Aliyense wa tsitsi lotalikirapo ankamudula njira pakati pamutu kuti akamalizitse kwawo. Felista anayesa kufotokoza. Mphunzitsiyo anati kusukulu kulibe maliro, n'kudula kuyambira pamphumi kukafika paliwombo, kenako n'kumuuza kuti asabwerenso asanamete.

Anafika pakhonde pathu atafunda juzi kumutu. Sanapereke moni. Anakhala pampando wa agogo ake n'kuchotsa juziyo. Ine ndinaimitsa mashini osokera. Amalume anayang'ana mutuwo kwa nthawi yaitali, kenako anatenga nsalu yoyera n'kumufunditsa m'mapewa monga amachitira ndi aliyense, n'kufunsa funso lawo lija.

Felista anati aphunzitsi anena kuti amalizitse.

"Sindinafunse aphunzitsi. Ndafunsa inu. Mwalola?"

Mtsikanayo anapukusa mutu, misozi ikugwera pansaluyo. Amalume anachotsa nsalu, kuipinda, n'kunena kuti ndiye basi, iwo samaliza ntchito imene anaiyamba wina mwakuba. Anandiuza kuti ndimupatse duku. Kenako anatenga njinga.

Zimene zinachitika mu ofesi ya aphunzitsi aakulu ndinazimva kwa iwo eni komanso kwa mlonda wa pasukulupo, ndipo zikugwirizana. Aphunzitsi aakuluwo anali mayi wodekha, ndipo anawalandira mwaulemu. Anapepesa kuti mphunzitsiyo sankadziwa za maliro, koma anati poti zachitika kale, chanzeru n'kungomaliza kuti mwana abwerere m'kalasi. Amalume anapempha kuti awaonetse lamulo la dziko limene limapatsa mphunzitsi mphamvu yogwira mutu wa mwana wa eni ndi chitsulo. Mayiwo anati sukulu iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo la tsitsi lalifupi linavomerezedwa ndi komiti pamodzi ndi makolo. Amalume anati njerwa za kalasi yoyamba ya pasukulupo anaumba nawo ndi manja awo, ndipo sakukumbukira tsiku limene makolo anapereka mitu ya ana awo ku komiti. Anati ngati lamulo lake ndi la kutalika kwa tsitsi, awauze kuti ndi muyezo wanji umene nzeru zimayambira kuthawa. Mayiwo sanaseke. Anati duku nalonso sililoledwa m'kalasi.

Felista anakhala pakhomo. Apa ndi pamene panabuka mkangano waukulu pakati pa amalume ndi amayi anga. Amayi ankati tsitsi limamera, mayeso samera. Ankati m'bale wawo akumenya nkhondo yake yakale pogwiritsa ntchito mutu wa mwana wamasiye, ndipo malemu amake sangakondwere kuona mwana wawo akulephera chifukwa cha mwambo. Ananena zimenezi pamaso pa anthu, pakhonde pomwepo. Amalume sanakane. Anati mwina n'zoona, koma mwanayo wafunsidwa ndipo wayankha, ndipo tsiku limene adzanene yekha kuti walola, adzamumeta nthawi yomweyo popanda mawu. M'mawa uliwonse ankamufunsa. M'mawa uliwonse Felista ankakana, ngakhale ndikudziwa kuti masiku ena ankawakwiyira agogo akewo kuposa mmene ankakwiyira sukulu. Anzake ankamubweretsera makope madzulo, iye n'kumakopera atakhala pambali pa mashini anga.

Amalume anapalasa njinga kupita kwa mlangizi wa maphunziro wa dera lathu. Anabwerako atakwiya kwambiri. Mlangiziyo anawauza kuti sukulu ili ndi ufulu woika malamulo a ukhondo, koma kudula mwana ndi kumuthamangitsa m'kalasi si zimene aphunzitsi amaphunzitsidwa, ndipo nkhaniyo ikathere pasukulu pomwepo. Amalume ankati munthu ameneyo wawapatsa madzi otentha ndi ozizira m'kapu imodzi. Komabe zikuoneka kuti mlangiziyo analankhula ndi aphunzitsi aakulu, chifukwa pasanapite nthawi kunaitanidwa msonkhano wa makolo.

Tsiku limenelo amalume anamanga mpando wawo wometera pa kaliyala ya njinga. Ndinatseka mashini n'kuwatsatira.

Ndisabise, makolo ambiri sanali mbali yawo, ndipo zifukwa zawo sizinali zopusa. Mayi wina anati ana akasiyidwa, atsikana azidzataya Lamlungu lonse akuluka m'malo mowerenga. Bambo wina anati mpala imafananitsa mwana wa wolemera ndi mwana wa wosauka, pomwe zoluka zimaonetsa amene kwawo kuli mafuta odzola. Wina anatchula nsabwe. Wina anati mtsikana wokongoletsa mutu amaitana amuna a pamsika. Amalume anamvetsera zonse atakhala pampando wawo kumapeto kwa mzere. Itafika nthawi yawo, anati za nsabwe asawaphunzitse, azionapo zambiri kuposa munthu aliyense pabwalopo, ndipo mankhwala ake ndi sopo ndi chipeso. Za amuna a pamsika anati ngati vuto ndi amunawo, bwanji osakameta iwowo.

Kenako ananyamula mpando n'kukauika pakati pa bwalo. Anatulutsa nsalu yoyera ndi sizasi. Anatembenukira kwa mphunzitsi wachinyamata uja, amene anali ndi tsitsi lometedwa bwino m'mbali, pamwamba litasiyidwa, n'kumupempha mwaulemu kuti akhale pampandopo. Anati sadzamupweteka, angodula njira imodzi yokha pakati, akamalizitse kwawo. Anthu ena anaseka. Mphunzitsiyo anati iye si mwana wa sukulu. Amalume anafunsa kuti kodi manyazi amayamba munthu akafika zaka zingati.

Wapampando wa komiti anawauza kuti akhale pansi, akunyoza aphunzitsi. M'malo mokhala, anavula chipewa. Anazungulira pang'onopang'ono kuti mbali zonse zione. Panali anthu amene anakhala nawo moyo wonse osachionapo chipseracho pa dzuwa.

"Amene anandichita ichi anali ndi lamulo," anatero. "Linali lolembedwa, la boma, ndipo linali loipa. Inu mulibe ngakhale limenelo. Ikani malamulo anu, ndi sukulu yanu. Koma mwana akalakwa, itanani ine. Musamugwire m'mutu."

Amene anayamba kulankhula anali mayi wina amene sindinkamudziwa, wochokera kumidzi ya kumtunda. Anati iye za maliro alibe nazo mawu, koma mwana wake anatenga zipere chifukwa sizasi imodzi yomweyo imadutsa m'mitu ya ana onse osapukutidwa. Atangotero, ena anayamba kutulutsa zawo. Wina anati mwana wake anachekedwa khutu. Wina anati mwana wake wamkazi anajomba sabata yathunthu chifukwa cha kusekedwa. Zinapezeka kuti anthu ambiri anali ndi kanthu kukhosi, kungoti aliyense ankaganiza kuti ali yekha.

Chimene anagwirizana sichinali chimene amalume ankafuna. Lamulo la tsitsi lalifupi linatsala. Koma anati mphunzitsi asadzadulenso mwana, aziitana kholo, ndipo mwana amene ali pa maliro azidikiridwa. Felista analoledwa kubwerera ndi duku. Wapampando atafunsa amene akutsutsa, dzanja linakwera limodzi, la amalume. Anati akutsutsabe zoti sukulu iziyeza tsitsi, ndipo zilembedwe kuti Ngozo anakana. Pobwerera ndinawauza kuti apambana. Anandikalipira njira yonse, amvekere wopambana ndani pamene mwana wataya masabata a maphunziro ndipo njira ili pamutu pake.

Mateyu anabwera mayeso atatha. Pa tsiku lometa kachiwiri, mowa utaphikidwa, amuna atavina gule wa ngoma fumbi lili kobo, Felista anakhala pampando uja n'kumasula duku. Tsitsi linali litamera mosalingana, pakati pali pafupi. Agogo ake anafunsa, iye anayankha mokweza kuti walola, ndipo anamumeta mosamala kwambiri kuposa mmene ndinawaonerapo akumeta munthu. Mayeso anakhoza, ngakhale sanasankhidwe kupita kusukulu yogonera komweko imene ankaifuna. Amayi anga mpaka lero amati masabata aja ndi amene anamulanda malowo. Mwina akunena zoona. Felista mwini wake, amene tsopano ndi mayi wa ana awiri, ndinamufunsapo, ndipo anati sadziwa, koma akanafunsidwanso akanakananso.

Mphunzitsi uja anadzabwera pakhonde pathu chaka chotsatira. Magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake, anyamata a kutsidya atangokhala, iye mawa lake ali ndi ukwati wa mng'ono wake. Anaima patali kaye, kenako anabwera n'kukhala. Amalume anamufunditsa nsalu, kumufunsa ngati walola, n'kumumeta bwino kwambiri. Atachoka ndinati bola mwakhululukirana. Anati iwo ameta mutu, za kukhululuka akafunse Felista.

Zaka zawo zomaliza manja ankanjenjemera, ndipo ankameta okalamba anzawo okha, amene ankabwera makamaka kudzakangana nawo za mvula ndi ndale. Ndi nthawi imeneyo pamene wailesi inalengeza kuti bwalo lalikulu la milandu lagamula kuti ana a chirasta asamakanizidwe sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Amalume ndi arasta sankamwerana madzi. Panali wina wogulitsa zibangili pamsika amene ankatsutsana naye za Baibulo mpaka kutukwanizana. Koma tsiku limenelo anadzuka ndi ndodo yawo, kuwoloka msewu, kukamugwira chanza mnyamatayo, n'kumuuza kuti chipembedzo chake ndi chosokera koma mutu ndi wake. Atabwerera anakhala pansi n'kunena kuti oweruza achita bwino, koma atsala theka la njira. Mwana asamachite kukhala ndi mpingo kapena maliro kuti asiyidwe ndi tsitsi lake. Ine za malamulo sindizidziwa, ndipo mpaka pano sindinganene kuti mphamvu ya sukulu imalekezera pati. Iwo sankakayika.

Anadwala nthawi yochepa. Tinawatengera kuchipatala cha mishoni ku Nzama, ndipo anamwalirira kumeneko atakangana ndi namwino pa nkhani ya zenera.

Mbali yawo ya khonde palibe amene waitenga. Mwini golosale anayesa kuikapo mnyamata wotchaja mafoni, koma sanakhalitse, ankati pamawomba dzuwa kwambiri masana. Pakhoma patsala msomali pamene pankapachikidwa galasi, ndi malo oyera amakona anayi pamene utoto sunathe. Pansi simenti inakumbika malo anayi ndi miyendo ya mpando. Nkhuku za eni golosale zimagona pamenepo kukatentha.

Lachisanu lapitali kunabwera mayi wina wochokera kutali ndithu, mapazi ali mbuu, akutsogoza mtsikana wofunda chitenje kumutu. Anaima pamalo opanda kanthupo n'kuyang'ana uku ndi uku, kenako anandifunsa ngati pano ndi pamene pamakhala madala aja amene amapita kukalankhula kusukulu. Ndinamuuza kuti anatisiya chaka chatha. Anatembenuza mwanayo kuti azipita kutsidya kwa anyamata a magetsi. Chitenje chinatsetsereka pang'ono, ndipo ndinaona njira yake, yatsopano, yokhota. Ndinawaitana kuti adikire. Ndinafunsa mtsikanayo ngati iye akufuna kumeta. Anayang'ana amake, kenako anayang'ana pansi n'kunena kuti ayi. Ndinafunsa dzina la sukulu yake, ndinaphimba mashini anga ndi nsalu, diresi ya eni ili pakati pa msoko, n'kuvala nsapato. Masana amenewo khonde lonse linakhala lopanda munthu.